Kompyuta Yopanda Sikirini

Pansi pa tebulo Zulfa anangopezapo fumbi ndi chingwe cha magetsi.

Apa m'pamene pankakhala kompyuta ya kopaletivu ya alimi a mpunga ku Benga. Munali ziwerengero za zokolola za zaka zinayi, zimene iye anazisanja yekha m'matchati kuti mlimi aziona pafoni mbewu yobereka bwino m'dambo lake.

"A tcheya, kompyuta ili kuti?"

A Amiri sanadzutse n'komwe mutu. "Ija yopanda sikirini? Imangolira usana wonse, kutha magetsi. Ndapatsa mlamu wanga. Wafufuta zonse, waikamo nyimbo za ukwati wa Loweruka."

Zulfa anatola chingwe chija.

"Paja mawa kukubwera alendo a ku Lilongwe," anatero a Amiri. "Udzawaonetse timatchati tako tija. Amatikonda kwabasi."