Chipatala cha ku Ntcheu Chimene Effie Sanachionepo

Panali munthu wina ku Thamesmead, ku London, mtsikana wanzeru kwambiri dzina lake Effie. Anachoka ku Malawi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chichokereni sanapondekonso. Mayi ake, a Justina, ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Akuti zinachitika mu 2006, Effie akulemba fomu yofunsira malo ku yunivesite. Ankafuna udokotala.

Pafomupo panali malo oti wophunzira afotokoze zimene wachita kupatula za m'kalasi. Effie anali ndi ziwiri zokha: kwaya ya kutchalitchi, ndi kudyetsa okalamba Loweruka lililonse kuntchito kwa mayi ake. Anzake ankalemba za zikho, piyano ndi maulendo akunja. Iye akayang'ana zake, manyazi ankamugwira.

"Lemba zomwezo," anatero a Justina. "N'zochepa, koma n'zako."

"Mami, simukumvetsa. Aliyense magiredi ali nawo. Ndani angasankhe munthu wopukuta agogo pakamwa?"

Lamlungu lina kutchalitchi kunabwera bambo wa suti, a Weston. Kumene ankakhala palibe ankadziwa, koma ankati alowetsa ana ambiri m'mayunivesite. Effie anakakumana nawo mwamseri ku Greenwich. Atawerenga zimene analemba, bamboyo anapukusa mutu.

"Mwana wanga, azunguwa izi sazifuna. Amafuna Africa. Lemba kuti holide yathayi unali pachipatala cha mishoni ku Ntcheu, unkamasulira mawu a odwala kwa madokotala, ndipo anakupatsa satifiketi yaulemu."

"Koma Chichewa ndimangomva, kuyankhula chimandivuta."

"Nanga iwo amachidziwa? Ndani angakwere ndege kukafufuza ku Ntcheu?"

Effie anafufuta kwaya, anafufuta okalamba, n'kulemba chipatala chija. Aphunzitsi ake anakhulupirira, fomu inapita. Patatha masiku, a Justina anapeza kope la fomuyo pathebulo.

"Effie, Ntcheu unapita liti?"

"Aliyense amakometsera, mami."

"Kukometsera ndi kunama n'zosiyana. Mawa ukawauze aphunzitsi."

"Yapita kale."

Mu Febuluwale anamuitana ku intaviyu. Analowa m'chipinda, napeza anthu atatu. Mafunso a sayansi anayankha bwino, mtima unayamba kukhala pansi. Kenako mayi wachizungu waimvi, amene anali chete nthawi yonseyo, anaika chala papepala, namwetulira, n'kuyankhula m'Chichewa.

"Mwaswera bwanji, Effie?"

Mayiyo anali dokotala, ndipo anagwirapo ntchito ku Malawi zaka zisanu ndi ziwiri. Sankamutchera msampha ayi, anangosangalala kupeza woyankhula naye.

"Ndaswera... bwino," anatero Effie.

"Ntcheu ndimaidziwa. Chinali chipatala chiti?"

Effie anatchula dzina limene a Weston anamupatsa. Dokotalayo anakwinya nkhope pang'ono.

"Chimenecho sindinachimvepo. Chili mbali iti ya msewu waukulu?"

"Cha... chapafupi ndi phiri."

"Ntcheu yonse ndi mapiri. Chabwino. Mayi akabwera n'kunena kuti mwana akudwala liwombo, munkawauza chiyani madokotala?"

Liwu limenelo Effie anali asanalimvepo. Anayankha m'Chingerezi kuti ndi chifuwa.

Kumwetulira kuja kunatha. "Liwombo ndi pofewa paja pamutu pa khanda. Amene wamasulirapo pachipatala ngakhale sabata imodzi amalidziwa." Anatseka fayilo. "Satifiketi mwabwera nayo?"

Effie anaulula zonse.

"Dokotala wolakwitsa timamuphunzitsa," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Dokotala wonama amapha odwala. Nkhaniyi tiyenera kuipereka kwa oyang'anira mafomu."

Atangotuluka anaimbira a Weston. Nambala sinkagwiranso. Anakwera basi, nakatsikira kuntchito kwa mayi ake, n'kuima pageti mpaka shifiti inatha. A Justina atangoona nkhope yake anadziwa.

"Anakufunsa za Ntcheu?"

Effie anavomera ndi mutu, nawauza za a Weston.

"Ine wokubalawe kwathu n'ku Ntcheu komweko. Zaka zonsezi sunandifunsepo ngakhale dzina la mudzi wathu, koma unakamvera munthu wongomuona Lamlungu limodzi."

Sanamukalipirenso. Anamugwira dzanja ngati kamwana, nawoloka naye msewu.

Kalata inafika patatha milungu itatu. Fomu yake inachotsedwa kumayunivesite onse amene anafunsirako, ndipo sukulu yake inadziwitsidwa. Mayeso anakhoza bwino kuposa anzake ambiri. Koma Seputembala itafika, anzakewo ananyamula zikwama kupita ku yunivesite, iye akuwaonera pawindo.

Phunziro: Pafomu lembani zimene munachitadi, ngakhale zikuoneka zazing'ono, chifukwa simudziwa amene mudzakhale naye maso ndi maso. Wakutsina khutu ndi mnansi, osati mlendo wa suti. Tumizirani nkhaniyi makolo ndi ana onse amene akulemba mafomu chaka chino.