Zovala Zoanulidwa ndi Tumini

Mvula itayamba, Sulastri anali pamakina osokera nsapato kufakitale, mtima uli pa zovala zimene anasiya pachingwe. Mwamuna wake ankadikira yankho madzulo omwewo: asiya ntchito kapena ayi?

Pofika kunyumba anapeza Tumini, mayi wapakhomo woyandikana naye, atazianula kale n'kuzipinda bwinobwino.

"Mulungu akudalitseni, Mbak Tumini, mkulu wanga. Ine ndatopa, ndikufuna ndizingokhala pakhomo ngati inu."

"Ngati ine?" Tumini anaseka. "Tsiku lonse ndacheza ndi nkhuku ziwiri ndi malaya a amuna anuwa. Kodi kufakitaleko salembanso anthu?"

Sulastri anayang'ana chisoti cha njinga yamoto chimene chinkadontha madzi m'manja mwake.

"Mawa tikapemphera m'mawa, mukonzeke. Ndidzakukwezani popita kufakitale."