Wobwera pa Mlatho Lamulungu

Kompyuta ya m'chipinda cha katundu inafa Lamulungu m'mawa. Inatsokomola, inatulutsa kafungo ka waya wopsa, basi. Mayi anaimenya mbama, anazula chingwe n'kuchibwezera, anaikupizira mphepo ndi mbale. Zii.

Pabalaza amuna awo anali atayamba kale kupukuta magalasi. Bambowa anali wokonza mawailesi wopuma pantchito, ndipo Lamulungu chakudya sichinkatsika bwino mpaka ataonana ndi mwana wawo.

Kuonanako kunali kwa m'gemu. Inali gemu ya pakompyuta yakalekale, ya nthawi imene intaneti inkadzera pa waya wa telefoni, n'kumalira ngati mphaka wopondedwa mchira isanalumikize. Bambo ndi mwana ankasewera limodzi, wina pabalaza wina kuchipinda, akukuwirana kudutsa khoma. Mwanayo anali msilikali wa lupanga dzina lake Kanyimbi, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka kusukulu. Bambo anali sing'anga, ntchito yawo kuthamanga pambuyo pake n'kumamudzutsa akaphedwa. Anayamba ndi kupha makoswe m'nkhokwe ya mfumu, zithunzi zake zamabokosimabokosi moti khoswe ndi galu sunkawasiyanitsa. Achibale ankadandaula kuti foni ya pakhomopo sipezeka. Mayi ankangopukusa mutu: "Amuna awiri athunthu, kuthawa chinjoka chojambula!"

Kenako Kanyimbi anakula, anakwera lole kukafuna ntchito, osabweranso. Tsiku limene apolisi anaitana, bambo anali gone m'chipatala ndi mtima. Mayi anapita okha. Anawaonetsa jekete yotoledwa m'mbali mwa mtsinje, kolala yake yosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Anasoka ndi iwo kolalayo. Dokotala anali atawauza mosabisa kuti nkhani imodzi yodzidzimutsa, akagule bokosi la maliro a amuna awo. Choncho anabwerera n'kunena kuti apolisi sakudziwa kanthu.

Atatuluka m'chipatala, bambo anayamba kudikira pa mlatho wa m'gemu, pamene ankakumanirana ndi mwana wawo. Gemuyo inali isanafe, okalamba ena okakamira zakale ankaisungabe. Ankadikira, akuonda, malaya akulendewera. Mayi sanali munthu wolira n'kukhala pansi. Anafukula kompyuta ya mwana pansi pa makatoni, anaiyatsa, ndipo anapeza kuti inkakumbukira yokha mawu achinsinsi olowera m'gemu, timadontho takuda tokhatokha. Anafufuza mpaka anapeza batani lokwezera dzanja.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akatha kudya masana, mayi ankati akukasita, n'kudzitsekera m'chipinda cha katundu. Kanyimbi ankafika pa mlatho, kukweza dzanja, kuima pang'ono, n'kuzimirira. Sankalemba kalikonse.

"Manyazi," bambo ankatero madzulo, akuwonjezera ndiwo m'mbale. "Koma ali moyo. Wakufa sakweza dzanja."

Lero kompyuta ija inali mtembo, ndipo mawu achinsinsi anapita ndi mwini wake. Munthu yekhayo wodziwa mawaya mumsewu monsemo anali amene sankayenera kuiona.

Atatha kudya masana, mayi anachotsa mbale pang'onopang'ono, anapukuta tebulo loyera kale.

"Lero mupume, bambo. Maso anuwa afiira."

"Afiira ndi anyezi wanu uja. Simukusita lero?"

"Simbi yafa."

"Bwera nayoni ndiione."

"Mawa. Sithawa."

Bambo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anatembenukira ku kompyuta yawo. Mayi anatenga mapilisi a mtima n'kuwaika pafupi ndi kambewa ka kompyutayo, pambali pake kapu ya madzi. Anasuzumira pawindo. Galimoto ya neba, yoti ingawathamangitsire kuchipatala, panalibe. Anabwerera n'kuima kuseri kwa mpando, manja ali pa chotsamira.

Aka kanali koyamba kuuona mlathowo kuchokera mbali ino. Sing'anga wa bambo anaima pakati, ndodo m'manja. Pansi pake mtsinje wakuda unkangobwereza mafunde omwewo. Kachitoliro kankaimba nyimbo yake yosatha, ndipo makwangwala ankazungulira pamwamba pa nkhalango. Kunalibe wina aliyense.

"Apa m'pamene anandisiya ndikudyedwa ndi mimbulu," anatero bambo, akuloza ndi chala. "Iye akuseka kuchipindako, ati sing'anga adzichiritse yekha. Mwana wopanda ulemu."

Anaseka pang'ono, kuseka kukuthera m'chifuwa.

Nthawi inakwana. Inapitirira. Bambo anaweramira pa kompyuta. Mayi ankaona mtsempha wa m'khosi mwawo ukudumpha, ukudumpha. Dzanja lawo lamanzere linachoka pa tebulo n'kukapuma pachifuwa, zala zikusisita malaya. Mpweya unayamba kumveka ngati wodutsa pa bowo la fungulo.

"Wachedwa lero," anatero.

"Mwina kumene aliko magetsi azima."

"Sachedwa ameneyu."

Mayi anatsegula kabotolo, anakhuthulira piritsi m'dzanja, n'kuligwira chokonzeka. M'mutu anali atawerenga kale zochita: kuwagoneka pansi, kumasula kolala, kukuwira wa golosale kutsidya la msewu. Akanatha kupirira maliro amodzi obisa. Awiri ayi.

Makwangwala aja anabalalika mwadzidzidzi.

M'mphepete mwa nkhalango munatuluka kanthu, kakuthamanga. Kanakhota pakati pa mitengo osakhudza ngakhale umodzi, kanalumpha mwala, kanalumphanso mpanda wa mlatho, n'kudzaima maso ndi maso ndi sing'anga uja, lupanga lili pamsana. Pamwamba pa mutu wake panali dzina la zilembo zachikasu: Kanyimbi.

Mayi anayang'ana manja awo. Onse awiri anali pompo, lina pa mpando, lina litafumbata piritsi. Anacheukira chitseko cha chipinda cha katundu. Chinali chotseka, mkati muli chete.

"Khalani pansi, mayi, mungagwe," anatero bambo osacheuka. "Zaka zonsezi ndimadziwa kuti ndinu. Inu mumagunda mitengo, mumayenda chammbali ngati nkhanu. Uyu wathamanga ngati mwini wake."