Kapepala ka Pansi pa Makina a Telala

Tasenderani kuno mumve zimene ndinamva ine. Akuti zinachitikadi.

Panali munthu wina, telala, wanthabwala koma wosamva za mnzake. Anatupa pansi pa khutu, madokotala n'kupeza kuti ndi khansa ya m'chiwalo chopanga malovu. Anamuchita opaleshoni, chotupa n'kuchoka.

Pomutulutsa, dokotala anati, "Patsala kuwotcha ndi makina, kuti tizotsalira tosaoneka ndi maso tife. Muyambe masabata asanu ndi limodzi asanathe." Anamupatsanso kapepala. Koma khutu linali m'bandeji, telala n'kumva kuti "akatha".

Kunyumba mkazi wake anati, "Abambo, tawerengani kapepalako."

"Makutu ndi anga, amayi. Akuti ndipume kaye."

"Khutu lake liti, lomangalo?"

Telala anangoseka, n'kupinda kapepala kaja kanayi, n'kukatsamiza pansi pa mwendo wa makina osokera umene unkagwedera.

Masabata anayi anatha. Tsiku lina mkazi uja akusesa anati, "Tanyamulani makinawa ndichotse ulusi." Kapepala poyera! Anakatambasula n'kuwerenga mokweza. "A-sa-na-the! Abambo inu, tsiku lokakuonani linali Lolemba lapitali!"

Telala anasiya buluku la mwini lili mwendo umodzi, ulendo wa kuchipatala, mkazi patsogolo.

Namwino anati, "Mwachita mwayi, bambo. Kuwotcha sitiyamba tsiku lomwelo. Tione kaye mano, tikujambuleni, tikuumbireni chigoba chogwira mutu kuti usagwedere. Mukanazengereza, mukanaipatsa khansa mpata wophukanso."

Akumuumbira chigobacho telala anati, "Zaka zonsezi ndikuyeza anthu, lero mwandiyeza ine! Chonde musathinitse m'khosi." Chipinda chonse kuseka.

Anayamba kuwotchako kutangotsala masiku awiri kuti masabata asanu ndi limodzi aja athe, ndipo sanajombe mpaka kumaliza. Lero ali gwa, akusoka. Kungoti malovu anachepa, moti ulusi ukakana kulowa m'singano amaitana: "Amayi, tadzandinyowetsereni ulusiwu."

"Ndibwera mphindi zisanu zikatha."

"Zisanathe, amayi, zisanathe!"

Phunziro: Opaleshoni si mapeto a ulendo. Akakuuzani za kuwotcha, funsani tsiku lenileni, pitani ndi mnzanu wa makutu awiri, ndipo kapepala ka dokotala si kotsamizira makina. Ngati muli ndi m'bale amene wangochitidwa opaleshoni, mupatsireniko nkhaniyi mwachikondi, lero lisanathe.