Anamupeza pabwalo la mpira

"Fulumirani mlamu, lero timugwira ndi mwamuna wakeyo," anatero mayi wina akukoka mlamu wake padzanja.

Mwana wake wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu, sankalankhula kapena kudya bwino chimwalirireni bambo ake. Koma kwa masabata atatu tsopano ankachedwa kuchokera kusukulu, n'kufika maso akuwala, chakudya n'kumaliza mbale yonse. Mayiyo anali atauza kale aneba kuti mtsikanayo wayamba zibwenzi.

Anamupeza kuseri kwa sukulu, pabwalo la mpira wamanja. Anali wosavala nsapato, thukuta lili kamukamu, akulumpha kulimbirana mpira. Atagwa chagada anaseka mpaka kugwira m'mimba, anzake akumudzutsa.

"Ndiye mkamwini wathuyo ndi wozungulira chonchi?" ananong'ona mlamuyo akuloza mpira.

Mphunzitsi wa masewera anabwera kudzawapatsa moni.

"Ndinu mayi ake? Mwachita bwino kubwera. Tsiku loyamba ankangolira, koma taonani lero. Ndinamuuza kuti akuitaneni mudzaonerere, iye anakana. Akuti kunyumba mukadali pachisoni, mungakhumudwe mutamuona akusangalala."

Mayiyo anasowa poyang'ana. Kamtengo kamene anathyola panjira kuti akwapulire mwana wakeyo anakagwetsa mwakachetechete n'kukaponda.

Nthawi yomweyo mtsikanayo anatembenuka n'kuwaona. Kuseka kunathera pomwepo. Anapatsa mnzake mpira, anatola nsapato zake, n'kubwera atazyolika.

"Pepani amayi," anatero. "Sindidzachitanso."