Chikwangwani Chili Pantchito

"Chikwangwani chili kuti?" anakuwa a Simioni, wapampando wa gulu la oyanika nsomba ku Nkopola, ataona mitengo iwiri yangoima yokha.

Chinali chikwangwani chachitsulo, chachikulu ngati chitseko, cholembedwa dzina la bungwe lomwe linapatsa gululo thandizo. Tsikulo kumabwera mlendo wochokera ku bungwelo kudzaona ngati thandizolo lipitirire.

"Chili pantchito," anayankha mayi Ndaona, mmodzi wa oyanika nsombawo, osatekeseka. "Chimatentha bwino. Usipa wam'mawa, pofika masana wauma."

"Mwayanika usipa pa dzina la anthu otithandiza? Mwatipha!"

Asanamalize, galimoto inaima ndipo munatsika mlendo uja, mayi Linda, kabuku kali m'manja. A Simioni anayesetsa kuwakokera ku shedi yoyanikira nsomba yomwe bungwelo linamanga, koma mlendoyo anatsata fungo mpaka kuseri. Anapeza chikwangwani atachigoneka pa njerwa, usipa uli mbwee, dzina la bungwe lawo likungooneka zilembo ziwiri.

Anatola kausipa kamodzi n'kukathyola. Kanali gwa.

"Nanga shedi ija?"

"Imachedwa, mayi," anatero mayi Ndaona. "Timasungiramo madengu."

A Simioni anayamba kutsokomola chifuwa chomwe analibe.

"Chabwino," anatero mayi Linda akutsegula kabuku kaja. "Titati tikuthandizeninso, mungafune chiyani?"

A Simioni anakonza kukhosi kuti atchule injini ya boti, koma mayi Ndaona anali atayamba kale.

"Zikwangwani zina zisanu. Koma musavutike n'kulembapo, utotowo umamatirira ku nsomba."