Malasha Omaliza a Bambo

Moto utakolera, injini yakale ya sitima yapamadzi inafwenthera nthunzi, pansi ponse n'kuyamba kunjenjemera. Eni ake anayiliza komaliza, chifukwa mawa lake ankakayiphwasula.

Ndinali nditagwira mkono wa bambo, amene unyamata wawo unathera pang'anjo ya sitimayi. Zitsulo zotalika kuposa munthu zinkakwera n'kutsika, zikunyezimira mafuta, ngati zilibe kulemera. Ndinangoti kukamwa yasa.

"Bambo, muno mukutentha. Tiyeni tituluke."

"Tandisiya, mwanawe. Sukumva? Ng'anjoyi ili ndi njala."

Woponya malasha anatiyang'ana, kenako anawapatsa fosholo. Bambo anatapa, koma manja anawakana, malasha anayamba kutayikira pansi.

Ndinagwira nawo mpini. Tinaponya limodzi, ndipo moto unabangula.